Pitani ku Alpine Loop kumapeto kwa Sepitembala

Achimwene, mwafunsa komwe mungakaone mitengo masamba ake atasanduka achikasu. Masamba mukufunawo mukawapeza ku Alpine Loop ku Colorado, m'dziko la America, ndipo mupite sabata yomaliza ya Sepitembala. Ndi msewu wamiyala umene umalumikiza matauni a Lake City, Silverton ndi Ouray. Mukachedwa mpaka pakati pa Okutobala mukapeza masamba a aspen, mitengo imene imachita chikasuyo, ayoyoka kale, mwinanso chipale chofewa chayamba kutseka njira pamwamba.

Kagalimoto kanu kotsikako musakatengere kumeneko, kakaphwanyika kunsi. Hayalani Jeep ya 4x4 pa Ouray kapena Lake City pomwepo. Ine ndinapita ndi alamu anga, tinanyamuka pa Lake City m'mamawa kutsata mtsinje wa Henson Creek, eeh mitengo ili mbuu kuyera thunthu, masamba achikasu akunjenjemera ndi kamphepo mpaka ena kugwera pa boneti, tinkangoima kaimeime kujambula. Kukongola kwenikweni kuli mmunsimo, chifukwa pa Engineer Pass, pomwe msewu umadutsa pamwamba pa phiri, palibe mitengo, ndi miyala ndi mphepo yozizira basi. Njira ndi yopapatiza, phompho pambali, mukakumana ndi galimoto yokwera inu otsika muzipatuka ndinu.

Koma ichi chokha musachitenge mopepuka: Engineer Pass ndi mamita pafupifupi 3,900, kuposa Sapitwa wa ku Mulanje uja. Mpweya ndi wochepa, ine mutu unandiwawa kwambiri tsiku lonse. Ngati muli ndi BP, vuto la mtima kapena mphumu, kaye kaonaneni ndi adokotala musanasungitse malo. Madzi akumwa ndi jekete musaiwale, netiweki kulibe malo ambiri.