Musanagule katundu, gulani kalendala

Asisi mwafunsa kuti geni yodutsa maboda imayenda bwanji, muyambire pati ndi kandalama kanu ka chilimba. Za pasipoti ndi basi kafunseni anyamata a pa siteshoni ya mabasi ya Intercity mu Lusaka, amenewo amadziwa zonse. Ine ndikuuzani zimene aliyense pa msika wa Comesa amabisa: katundu safa ndi mtengo, amafa ndi masiku a tchuthi cha eni dziko.

Mukafika ku msika wa Kariakoo ku Tanzania pa 7 July mudzamva kuti ndi tchuthi cha Saba Saba, pa 8 August Nane Nane, tsiku la alimi. Maofesi atseka, inu mukulipira gesiti mu Dar es Salaam, kudya mpamba. Anzathu a ku Kasumbalesa, pa boda ya Congo, nawo ali ndi 16 ndi 17 January, okumbukira imfa ya Kabila wamkulu ndi ya Lumumba, masiku awiri otsatizana. Koma tchuthi chimadyetsanso. Ku Mozambique pa 7 April ndi tsiku la amayi, tsiku limene anamwalira Josina Machel mu 1971, ndipo mayi aliyense amafuna kapulana, chitenje cha kumeneko, yofanana ndi ya gulu lake. Ana anga awiri anamaliza sukulu ndi ndalama za tsiku limenelo, sindikunama.

Ndiye kudzitama komweko ndi kumene kunandigwetsa. Ku Malawi Tsiku la Anakubala limakhala pa 15 October, osati mu May ngati kuno ku Zambia. Mu 2017 ndinati chaka chino Lilongwe yonse ivala zanga. Ndinaitanitsa zitenje ku Guangzhou ku China, zojambula mayi atabereka mwana, m'mphepete atalemba deti lenilenilo. Ndalama yanga sinakwane, ndinakatenga kaloba. Ndinalipira kumapeto kwa September, zibwere pa ndege, mtima uli m'malo.

Pa 1 October foni ya ejenti zii. Pa 2 zii. Ndinagona osadya, ndikuti Mtchaina uja wandidyera. Mtsikana wina wogulitsa mafoni ku Kamwala ndiye anandiseka, akuti mayi, simudziwa Golden Week? Dziko lonse la China limapuma sabata yathunthu kukumbukira 1 October 1949. Chaka chimenecho chinaphatikizana ndi chikondwerero chawo cha mwezi, chodya timakeke tozungulira, masiku anakwana 8. Ine ndinkangodziwa Chaka Chatsopano chawo cha mu January kapena February, chimene mafakitale amatseka milungu ingapo. Ichi palibe anandiuzapo.

Mabelo anafika mu Lusaka pa 12. Usiku womwewo ndinakwera nawo, Great East Road yonse ndikupemphera, Luangwa ndinadutsa maso ali gwa. Lachisanu pa 13 ndili pa boda. Sindinena kuti mbali iti, bamboyo mwina akadali pompo. Anatenga mapepala anga, kuwatembenuza, kuwatembenuzanso, akuti mtengo mwalembawu ndi wabodza. Ndinamuonetsa risiti. Akuti ili m'Chitchaina, iye sawerenga. Manambala nawonso ndi Chitchaina? Ndinadziwa chimene ankafuna, koma m'chitenje munatsala ya basi yobwerera basi. Anayang'ana wotchi, akuti abwana atuluka, mubwere Lolemba. Anatsegula belo limodzi, anaona yekha deti lija, n'kumwetulira. Kumwetulira kumeneko mpaka lero ndikakukumbukira nsima imandikanika kukhosi.

Lolemba analibe chonena china, akuti sisitimu yagwa. Ananditulutsa Lachiwiri pa 17, anakubala atavala kale zitenje za ena. Amayi atatu amene analonjeza kupikula ku Lilongwe sanayankhenso foni, ndipo sindiwada, ndani angagule nsalu yolembedwa deti lapita? Sindinawoloke n'komwe. Ndinabweza mabelo, n'kufika mu Lusaka pa 18 October, tsiku la mapemphero a dziko lonse lija anakhazikitsa a Lungu mu 2015. Anthu akupita kukasala kudya, ine ndinali nditasala kale masiku anayi.

Wa kaloba sadziwa tchuthi. Anatenga firiji ndi mashini osokera. Zitenje zina ndinagulitsa ku msika wa Soweto mu Lusaka pa mtengo wa tomato, anthu n'kumasokera makatani ndi matewera. Belo limodzi ndinabisa kwa alamu anga ku Chipata, chaka chotsatira linagulidwa lonse m'masiku awiri, poti deti linalibe chaka. Pamenepo pokha ndi pamene ndinachita mwanzeru, ndipo sindinachite dala.

Pano m'chikwama mwanga muli kabuku kofiira, dziko lililonse tsamba lake. Ngakhale Bali ya ku Indonesia ilimo, kumene pa tsiku la Nyepi, tsiku lawo lokhala chete, amatseka ndi bwalo la ndege lomwe maola 24, ngakhale sindinapiteko. Mukachifuna mubwere Loweruka ku shopu mudzakopere ndi dzanja lanu. Kunyumba sindikupatsani, wina anapita nako sabata ziwiri.