Kachipangizo ka nyimbo kosambira nako: onani IPX8, Bluetooth isakukopeni

Achimwene, mwafunsa za kachipangizo ka MP3 koti muzimvera nyimbo poyenda komanso posambira kuno ku Tete. Choyamba onani pa katoni ngati palembedwa IPX8 kapena IP68, zizindikiro zosonyeza mmene kachipangizoko kamapiririra madzi. IPX7 imangopirira mita 1 kwa mphindi 30, ndipo IPX4 ndi ya thukuta ndi mvula yowaza basi.

Wogulitsa akakutamandirani Bluetooth, musatengeke. Mafunde ake a 2.4 GHz sadutsa m'madzi, ndiye foni ikatsala kumtunda, mukangomiza mutu nyimbo zaduka. Nyimbo zikhale m'kachipangizomo. Sony NW-WS413 ili ndi 4GB ndipo imapirira mpaka mamita 2. Malo a 4GB amenewo amakwana nyimbo pafupifupi 1,000 za MP3 wamba. Ine ndingasankhe Shokz OpenSwim, yomwe imatumiza mawu kudzera m'mafupa a m'masaya, makutu n'kukhala otseguka. Poyenda mumsewu wa ku Moatize mumamva malole akubwera kumbuyo. Koma mtengo wake ndi wowawa.

Ngati kusambira n'kwa apo ndi apo, gulani kotchipa kolowa khadi ya microSD, kochajira pa USB, mameticais otsalawo musunge.

Mukatuluka m'madzi katsukeni ndi madzi oyera, kaume musanachaje, ndipo musakasiye padzuwa kapena m'galimoto, kutentha kwa mu Okutobala kumapha batire. Chonde muzisambira nako m'dziwe lomangidwa lokha. Mu Zambezi ndi ku Cahora Bassa muli ng'ona ndi mvuu, simungalowemo nyimbo zili m'mutu.