Mmene anthu wamba anaulanditsira mzinda wa Buenos Aires mu 1806

Wowerenga wina watumiza imelo kufunsa kuti zinatheka bwanji kuti anthu wamba a ku Buenos Aires agonjetse asilikali a Britain odziwa nkhondo mu 1806.

Bambo, tiyambe ndi kuchepa kwa Angerezi. Mtsogoleri wawo, William Beresford, anakocheza ku Quilmes, pafupi ndi mzindawo, pa 25 Juni ndi asilikali pafupifupi 1,600, ambiri ochokera ku Cape Town. Pa 27 Juni analowa mumzinda mosavuta, pakuti woimira mfumu ya Spain, Rafael de Sobremonte, anathawira ku Córdoba. Komatu kulowa mumzinda wa anthu pafupifupi 40,000 n'kwina, kuusunga n'kwinanso. Asilikali owonjezera amene Beresford anaitanitsa ku Cape anali asanafike.

Musaganize kuti kulimba mtima kokha ndiko kunagwira ntchito. Pa 1 Ogasiti, Juan Martín de Pueyrredón anasonkhanitsa anthu a kumidzi ku Perdriel, ndipo Angerezi anawabalalitsa, chifukwa pabwalo loyera msilikali wozolowera kuwombera pamzere saopa chigulu.

Amene anasintha zinthu ndi Santiago de Liniers, Mfalansa wogwira ntchito m'gulu la zombo za nkhondo la Spain. Anakatenga asilikali enieni ndi mizinga ku Montevideo, n'kuwoloka mtsinje wa Río de la Plata kuchokera ku Colonia nyengo ili yoipa, zombo za Britain zotsogozedwa ndi Home Popham osamutchinga. Anatsika ku Las Conchas pa 4 Ogasiti. Mvula inasandutsa misewu matope, ndipo apa m'pamene anthu wamba anaonetsa phindu lawo: amuna ndi anyamata ankakoka mizinga ndi manja m'thope, khamu likukula panjira ponse. Liniers atalanda nkhokwe ya zida ya ku Retiro, Beresford anatsala ndi pakati pa mzinda pokha.

Pa 12 Ogasiti asilikali a Liniers analowera m'misewu ingapo yopita ku Plaza Mayor, bwalo lalikulu la mzindawo, nthawi imodzi. Nyumba za kumeneko zinali ndi madenga afulati, choncho owombera ankadutsa pamwamba, nyumba ndi nyumba, n'kumalasa oyendetsa mizinga a Britain ali pambalambanda. Beresford anathawira m'linga n'kukweza mbendera yoyera. Mbendera za gulu la asilikali a Britain lotchedwa 71st zili mpaka lero ku tchalitchi cha Santo Domingo.

Patangopita masiku awiri, msonkhano wa eni mzinda unafuna kuti ulamuliro wa asilikali uchoke kwa Sobremonte upite kwa Liniers. Magulu amene Liniers anakhazikitsa pambuyo pake ndiwo anagonjetsa John Whitelocke, mtsogoleri wa asilikali ena a Britain, mu Julayi 1807.