Yankho kwa mayi amene afunsa za rubella ndi kupita padera

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zaonekera mng'ono wanu. Mwanena kuti anapita padera mimba ili ndi miyezi iwiri, atangodwala kumene matenda otentha thupi ndi totupa tofiira, ndipo mukufunsa ngati rubella ingachititse zimenezi. Ingachititse ndithu, koma chotsimikiza ndi kuyezetsa magazi, pakuti malungo, chindoko ndi mavuto ena a mwana wosabadwayo amachotsanso mimba.

Rubella imafanana ndi chikuku, koma kachilombo kake ndi kena ndipo siidwalitsa kwambiri. Totupa timayambira kumaso n'kutsikira m'thupi, timatha pamasiku atatu, kuseri kwa makutu kumatuluka mwanabele, ndipo amayi ambiri amamva kuphwanya m'mfundo. Anthu ofika theka la otenga kachilomboka saonetsa chizindikiro chilichonse, komabe amapatsira anzawo potsokomola ndi poyetsemula. Kuopsa kwake kuli pa mwana wa m'mimba. Mayi akatenga kachilomboka m'masabata 12 oyambirira, pamene mtima, maso ndi makutu zikuumbika, ana ofika 9 mwa 10 aliwonse amakhudzidwa. Ena mimba imachoka, ena amabadwa atamwalira kale, ndipo ambiri amabadwa ogontha, a ng'ala m'maso kapena a vuto la mtima. Mimba ikapitirira masabata 20, zilema zotere sizichitika kawirikawiri.

Izi zinadziwika mu 1941, pamene dokotala wa maso wa ku Australia, Norman Gregg, anaona kuti makanda ambiri a ng'ala anabadwa kwa amayi amene anadwala rubella ali oyembekezera. Pa mliri wa mu 1964 ndi 1965 ku America, katemera asanabwere, mimba pafupifupi 11,000 zinatayika ndipo ana pafupifupi 20,000 anabadwa ndi zilema.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kuno ku Malawi katemera wa chikuku wophatikiza rubella anayamba mu 2017, ndipo kampeni ya chaka chimenecho inali ya ana a miyezi 9 mpaka zaka 14. Amayi amene anali atapitirira msinkhu umenewo sanabayidwe, kotero kuti amene sanadwalepo rubella ali ana alibe chitetezo.

Mng'ono wanu apite kuchipatala msanga, afotokoze tsiku limene totupa tinayamba, ndipo afunse za kuyeza magazi, popeza zizindikiro za matenda aposachedwa zimazilala m'magazi pakapita miyezi yochepa. Ngati inalidi rubella, thupi lake lapeza chitetezo chokhalitsa ndipo mimba yotsatira siikhala pachiopsezo cha matendawa. Ngati alibe chitetezo, abayitse katemera asanatengenso pakati, kenaka adikire mwezi wathunthu, chifukwa katemerayu sabayidwa kwa woyembekezera.

Ndikupempheninso kuti pabanja pasakhale kulozana zala, kaya kunena za tsempho kapena kuti iye sanadzisamale. Kachilomboka kalibe mankhwala okapha, ndipo panalibe chimene akanachita chitayamba kudwala. Ngati pakhomo pali mayi wina woyembekezera amene anakhala pafupi ndi wodwalayo, akanene kusikelo sabata ino, ndipo muone m'mabuku a ana ngati analandira katemera wa miyezi 9 ndi wa miyezi 15.