Mazenera akalewo musawazule, achimwene

Achimwene ena a ku Indiana andilembera. Agula nyumba ya njerwa ya m'ma 1920, ndipo amva zoti ku America ukakonza nyumba yakale amakuchotsera msonkho. Akufunsa ngati angazule mazenera amatabwa n'kuika apulasitiki, kenako n'kupempha ndalamazo.

Nditafika pa mazenerapo mtima unandiwawa. Agogo anga aamuna anali ndi nyumba ya njerwa zootcha ku Ntcheu, yakhonde lalitali, zitseko za mbawa zimene anapala okha. Atatisiya, adzukulufe tinagwirizana zoigwetsa kuti timange yamakono. Ndalama ya simenti ndinatumiza ndine. Nditapita kumudzi ndinapeza chitseko chimodzi chili pakhola la mbuzi, chomangidwa ndi waya, chogwirira chake chamkuwa chikadalipo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali osayankhula.

Timanyadira Mandala House ya mu 1882 ku Blantyre, timajambulitsa pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, koma nyumba za makolo athu timaziona ngati chizindikiro cha umphawi. Zimenezi ndi zolakwika, ndipo ine ndinalakwa nawo. Chonsecho kusunga timakudziwa! Mitengo ya kumanda ilipo mpaka lero chifukwa mudzi wonse umadziwa kuti nkhwangwa silowako chisawawa. Kuno ku America anachita kuikira lamulo, amati conservation easement: mwini malo akasainira kuti pamalo ake sipadzamangidwa mpaka kalekale, amaloledwa kuchotsa mtengo umene malowo ataya, mpaka theka la ndalama zimene wapeza pachaka, asanawerengere msonkho, alimi mpaka zonse, zotsala n'kumachotsabe kwa zaka 15. Adyera ena anayamba kukweza mtengo wa malo mwabodza kuti adyerepo, mpaka IRS, nthambi ya boma yotolera msonkho, inawakhalira pakhosi. Anthu otere amandinyansa, akuipitsa chinthu chabwino.

Yankho lanu

Boma lalikulu la America limachotsa pa msonkho 20 peresenti ya ndalama zokonzera, koma pa nyumba yobweretsa ndalama yokha, monga ya lendi. Yogonamo nokha ayi, ngakhale zigawo zina zili ndi dongosolo lawolawo la zimenezo. Nyumbayo ikhale mu National Register of Historic Places, kaundula wa boma wa malo a mbiri yakale, kapena yovomerezeka m'dera lolembedwamo. Chiyambire lamulo la 2017, phindulo limabwera pang'onopang'ono kwa zaka zisanu.

Musanakhudze msomali, pitani ku State Historic Preservation Office, ofesi ya m'chigawo chanu yoona za kusunga malo akale. Iwo amatumiza mapepala ku National Park Service, nthambi ya boma lalikulu imene imavomereza ntchitoyo. Mazenera apulasitikiwo angakukanitseni zonse. Pezani kalipentala aone matabwawo kaye, ambiri amangofuna kupala, phala logwirira galasi ndi penti.