Kwa achemwali ofuna kukathandiza pa chipatala chaching'ono kuchigwa cha Shire

Achemwali, mwati ndinu namwino komanso mzamba, muli ndi tchuthi cha mwezi wathunthu, ndipo mukufuna kukadzipereka pa chipatala chaching'ono ku Chikwawa kapena ku Nsanje, koma simukudziwa poyambira ndi zoti munyamule. Ine ntchito yomweyi ndaigwirapo kuchigwako, ndipo ndikuti pitani ndithu. Chachikulu ndi kapitidwe kake.

Yambirani ku ofesi ya a DHO, akulu oyang'anira zaumoyo m'bomalo. Alembereni kalata, muphatikize chiphaso chanu cha ku Nurses and Midwives Council chosonyeza kuti ndinu ololedwa kugwira ntchito chaka chino. Anzathu a clinical officer ndi madokotala chawo ndi cha ku Medical Council of Malawi. Musangotulukira pa chipatala poti in-charge munaphunzira naye limodzi. Mayi akadzatayika muli pa ntchito, funso loyamba lidzakhala loti anakulolani ndani kugwira odwala, ndipo wovutika adzakhala mnzanuyo. Komanso a ku ofesiwo ndiwo akudziwa kumene namwino watsala yekha. Asiyeni akusankhireni malo.

Tsono chimene ndikufuna muchigwiritse ndi ichi: mukupita kukapepuza anthu amene adzatsale kumeneko inu mutabwerera. Pa chipatala chimene ndinali ine, mzamba amene wachezera ndi mayi wobereka usiku wonse ndiye yemweyo amatsegula sikelo ya amayi oyembekezera m'mawa, masana n'kukhalanso ku kulera. Nyumba yake ili pafupi, ndiye alonda amagogoda nthawi ina iliyonse. Munthu wotere sakusowa womuphunzitsa ntchito ayi, akusowa tulo. Mukafika, pemphani akuikeni pa rosita monga wina aliyense, mutenge mausiku ndi masiku a Loweruka ndi Lamlungu, mnzanuyo akaoneko ana ake. Ntchito imeneyi siioneka pa zithunzi, koma palibe thandizo loposa pamenepa.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu ena amene akuti musonkhe mankhwala mukapange msonkhano woyeza odwala wa tsiku limodzi pansi pa mtengo. Mukayeza agogo, mwapeza BP yakwera, mwawapatsa mapilitsi a masabata awiri amene pa chipatala chawo sapezeka. Akatha apita kwa yani? Aliyense amene mwamuona, lembani mu buku lake la kuchipatala ndi mu kaundula wa pamalopo, ndipo perekani mankhwala amene ali mu ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo, kuti wobwera pambuyo panu apitirize. Ngati mwabweretsa katundu, alowe ku famase, alembedwe pa stock card a komiti ya chipatala akuona. Mankhwala otsala pang'ono kutha mphamvu musanyamule, mungowasiyira ntchito yotaya.

Kuchigwa kumatentha zoti simunazionepo ngati munakulira ku mapiri. Mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40. Kwa mzamba zimenezi zikukhudza oxytocin, mankhwala oletsa kutaya magazi mayi akabereka, chifukwa akakhala pa kutentha nthawi yaitali amachepa mphamvu, ndipo mudzazindikira mayi akutaya magazi. Tsiku loyamba funsani kumene amasungidwa, muone ngati firiji ikuyenda.

Kenako phunzirani msewu musanaphunzire china chilichonse. Funsani kuti ambulansi imachokera kuti, imatenga nthawi yaitali bwanji, netiweki ya foni imagwira pati. Ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, msewu wochoka pa Thabwa kupita ku Fatima umadutsa mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi amatseka njira ngakhale kuchigwa kuli dzuwa. Ku Makhanga, pamene Ruo amakumana ndi Shire, anthu anaona zoopsa mu Januwale 2015, ndipo madzi anabweranso ndi anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Kumalo ngati amenewa simudikira kuti vuto lioneke bwinobwino. Mayi wa chipsera cha opaleshoni, wa mapasa, wa mwana wokhala mopingasa, mtsikana wamng'ono wa mimba yoyamba, auzeni akakhale ku chidikiro cha chipatala chachikulu masiku asanakwane. Patogirafu, pepala lolondolera mmene kubereka kukuyendera, ikadutsa mzere wochenjeza, imbani foni nthawi yomweyo. Ku tauni mwazolowera kuti fiyeta, chipinda cha opaleshoni, ili kuseri kwa chitseko, kuno ili kutsidya kwa mtsinje. Ndipo ngati a ku boma nawonso atumiza ku Queens, pali chitunda chonse cha Chikwawa choti galimoto ikwere.

Ngakhale ndinu mzamba, mudzaona odwala a mtundu uliwonse. Malungo ndiye a tsiku ndi tsiku, choncho bwerezani kayezedwe ka malungo kofulumira ka mRDT, mlingo wa mankhwala a LA potengera kulemera kwa mwana, ndi artesunate woyamba, mankhwala a malungo aakulu, kwa mwana wokomoka musanamutumize. Likodzo lilipo kwa ana osambira m'madambo ndi m'ngalande zothirira. Kolera wa 2022 ndi 2023 anthu sanamuiwale, ndiye dziwani kasungunulidwe ka klorini ndi kumene kuli Thanzi ndi madiripi. Olumidwa ndi njoka kapena ogwidwa ndi ng'ona amafikanso. Miyezi ya njala, mabanja ena akamadya nyika za m'dambo, yezani mkono wa mwana aliyense kuti muone ngati akunyentchera, musadikire kuti mayi anene.

Odwala ambiri, makamaka ku Nsanje ndi ochokera ku Mozambique, amalankhula Chisena. Agogo angakuvomereni mwaulemu asanamve kamwedwe ka mankhwala. Apempheni abwereze zimene mwanena, ndipo gwirizanani ndi ma HSA, alangizi a zaumoyo a m'midzi, chifukwa iwo amadziwa mudzi uliwonse ndi khomo lililonse. Kwa amfumu ndi a komiti kalonjereni sabata yoyamba.

Zonyamula sizambiri. Makina anu a BP, fetosikopu, themometa, tochi yovala kumutu yoti muzisokera usiku magetsi akathima, power bank, magolovesi, neti, nsapato zajombo, ndi mankhwala othira m'madzi akumwa, poti zitsime zina kumeneko ndi zamchere. Tengani ufa, nyemba ndi ndalama yanu ya ndiwo, wokusungani asalowe m'ngongole chifukwa cha mlendo.

Za mwezi woti mupite, manja amasowa kwambiri kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene malungo ndi matenda otsegula m'mimba amachuluka. Mukasankha nyengo imeneyo, auzeni akuntchito kwanu kuti madzi akhoza kukutsekerezani masiku angapo. Ndipo musananyamuke kubwerera, khalani pansi ndi mzamba wa pamalopo, mumusiyire mndandanda wa amayi onse amene munawauza kuti abwerenso, ndi tsiku la aliyense.