Matalala awononga munda wa amayi ku Chamama: kodi boma limabwezera mlimi?

Achimwene, pepani kwambiri ndi zomwe zawagwera amayi. Mwalemba kuti muli ku Johannesburg, ndipo akuimbirani foni kuti mvula ya matalala ndi mphepo yadutsa m'mudzi mwawo kufupi ndi Chamama, fodya wabookabooka, chimanga chagona pansi, chigafa nacho chagwa. Mukufunsa ngati boma limabwezera mlimi zikatere, komanso poyambira. Ndaona ena akuyankhani kale kuti tumizani munthu kwa DC akatenge fomu ya chipukuta misozi. Musawononge ndalama ya thiransipoti pa zimenezo.

Ine ndimalima kuno ku Kasungu konkuno, ndipo ndinakhalapo zaka zingapo m'komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ndikuuzeni mosapsatira: boma silibwera kudzayeza munda n'kukulipirani mtengo wa fodya kapena matumba a chimanga amene mwataya. Chomwe chilipo ndi thandizo loti banja lisafe ndi njala kapena kugona panja. Ndipo thandizo limenelo limatsata mayina olembedwa. Munthu amene tsoka lake silinalowe m'buku, kuboma amakhala ngati sichinamuchitikire kanthu. Choncho ntchito yanu sabata ino ndi kuonetsetsa kuti amayi alembedwa, msanga, komanso molondola.

Nkhani imayenda chonchi. Kwa nyakwawa kapena kwa gulupu kumakhala komiti ya za ngozi, ambiri timangoitchulabe kuti VCPC ngakhale mayina anasinthako pomwe lamulo latsopano la za ngozi linabwera mu 2023 m'malo mwa lija la 1991. Komitiyo imalemba mabanja okhudzidwa n'kupereka ku komiti ya kwa T/A, iyo n'kutumiza kukhonsolo ku Kasungu boma. Khonsolo imatumiza anthu kudzaona ngati zili zoona, kenako lipoti limapita ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi, ku Lilongwe. Mbali ya mbewu ili ndi msewu wakewake: mlangizi wa m'dera amalemba kukula kwa malo owonongeka ndi mtundu wa mbewu, n'kukapereka ku EPA, ofesi ya alangizi ya m'deralo, kuchoka apo ku ofesi ya ulimi ya boma. Amayi adutse misewu yonse iwiri. Akauze amfumu ndi a komiti lero, mawa akapeze alangizi a ku Chamama EPA. Asangotuma mwana ndi uthenga wapakamwa. Apite okha kapena ndi munthu wamkulu, atenge chiphaso cha unzika, aone ndi maso awo kuti dzina lalembedwa monga momwe lilili pachiphasopo. Anthu ambiri amakanika kulandira chifukwa m'buku analembedwa Nabanda kapena Nangozo pomwe pachiphaso pali dzina lina.

Mupeze mnyamata wokhala ndi foni yojambula atole zithunzi za munda, chigafa ndi nyumba ngati yakhudzidwa, lero lomwe. Pakatha sabata ziwiri masamba ophwanyika amauma, udzu umamera, ndipo wobwera kudzayendera sadzaona zomwe amayi anaona m'mawa wa tsikulo.

Ndikulimbikira za changu chifukwa zinandichitikira. Chaka china madzi anasefukira kudambo n'kukokolola theka la munda wanga. Ine ndinatanganidwa ndi kudzutsa mizere ndi kupulumutsa zomwe zinatsala, ndinati za malipoti ndidzaona pambuyo. Pomwe ndimakanena, mndandanda unali utapita kale. Anzanga oyandikana nawo munda analandira, ine ayi, ndipo chaka chimenecho ana anga anadya kamodzi patsiku kuyambira Disembala. N'chimene chinandilowetsa m'komiti.

Tsono chimabwera n'chiyani? Pali thandizo la msangamsanga, lomwe kawirikawiri limayang'ana amene nyumba zawo zagwa kapena madenga asasuka: thumba la chimanga kapena ufa, nyemba, mapepala apulasitiki ofolera, zidebe, mabulangete, nthawi zina matenti. Ngati denga la amayi lakhudzidwa ngakhale pang'ono, anene, chifukwa apa ndiye thandizo limafulumirako. Chigafa ndi munda paokha sizithamangitsa galimoto ya boma.

Thandizo lalikulu kwa mlimi amene wataya mbewu limabwera mochedwa, m'miyezi ya njala. Anthu akakolola, gulu lotchedwa MVAC limayendera maboma, n'kuphatikiza zomwe lapeza ndi kawerengedwe ka zokolola ka unduna wa zaulimi, n'kunena kuti boma lakuti anthu angapo adzasowa chakudya kwa miyezi ingapo, pakati pa Okutobala ndi Malichi. Chiwerengero chimenecho n'chomwe chimagawidwa kwa ma T/A mpaka kwa magulupu. Banja losankhidwa limalandira thumba la makilogalamu 50 pamwezi, kawirikawiri chimanga chochokera ku nkhokwe za NFRA, kapena ndalama m'malo mwake, makamaka kumene kukugwira mabungwe monga WFP. Apa mpomwe lipoti la alangizi lija limagwira ntchito. Dera lomwe silinanene kuti lawonongekeredwa limaoneka ngati lakolola bwino.

Ndinene zomwe zimandiwawa. Dongosolo lonseli linapangidwa ndi maso oyang'ana ngozi zazikulu. Namondwe Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, dziko lonse linaona, mabungwe anathamangira, ndipo kunali koyenera chifukwa anthu anafa ambiri zedi. Ng'amba ya El Niño itaumitsa minda, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza pa 23 Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, mabanja a alimi pafupifupi 2 miliyoni atakhudzidwa, ndipo pambuyo pake MVAC inati anthu 5.7 miliyoni adzafunika chakudya. Ngakhale mbozi zija zodya chimanga zinachititsa Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza zofanana ndi zimenezi m'maboma 20 mu Disembala 2017. Kulengeza kotere kumatsegula khomo loti boma lipemphe thandizo kunja ndi kusuntha ndalama. Koma matalala amayenda ngati kanjira. Amatha kupha minda ya midzi itatu, mudzi wachinayi osagwa ngakhale limodzi. Boma la Kasungu lonse likawerengedwa pamodzi limaoneka kuti lakolola, pajatu timadziwika kuti ndife odyetsa dziko, ndiye mayi amene wataya zonse amabisika m'kati mwa chiwerengero chabwino cha anzake. Palibe mtsogoleri angalengeze ngozi chifukwa cha midzi itatu. Kwa ine ichi ndi chilema chachikulu, ndipo khansala ndi phungu wa dera lanu ayenera kumva za midzi imeneyi mwachindunji. Aimbireni, inu muli ndi mayunitsi kuposa amayi. Khansala amakhala m'khonsolo momwe malipotiwa amafikira, ndipo lipoti lomwe wina akulifunsafunsa silichedwa patebulo ngati lomwe lilibe mwini.

Chilema china n'chakuti mlimi amapatsidwa chakudya pomwe chomwe akufuna kwambiri mu Febuluwale ndi mbewu yoti abzalenso. Nthawi zina kudzera ku EPA kumabwera mbewu ya mbatata, chinangwa, kapena mbewu ndi feteleza wa m'madimba, makamaka kukakhala pulojekiti kapena bungwe m'deralo. Zimabwera zochepa, ndipo zimayamba kufikira amene ali m'makalabu ndi amene alangizi akuwadziwa. Ngati amayi sali m'gulu lililonse la alimi, alowe tsopano.

Za kasankhidwe ka mayina. Nthawi ikakwana kumaitanidwa msonkhano wa m'mudzi, ndipo amayamba ndi okalamba, amasiye, odwala, aulumali ndi mabanja olera ana ambiri. Konzekerani kumva mawu akuti "awa ali ndi mwana ku Joni, asalembedwe". Amanenedwa kwambiri mawu amenewa, ndawamva ndi makutu anga kangapo. Amayi asakwiye n'kuchoka pamsonkhano. Afotokoze modekha zomwe ataya ndi anthu amene amadya pakhomo pawo, zithunzi zija zili m'manja. Ngati mumawathandizadi mokwanira, musalimbane ndi malo a gogo amene alibe wina aliyense, inunso mukudziwa kuti m'mudzimo alipo otero. Koma ngati zomwe mumatumiza sizifika n'komwe pa thumba limodzi pamwezi, ali ndi ufulu wonse wolembedwa.

Chimanga chathandizo sichigulidwa. Wina akati mupereke kenakake kuti dzina lilowe, kapena akauza mayi kapena mtsikana kuti akumane naye kumbali, umenewo ndi mlandu. Kanenani ku komiti yolandira madandaulo, kwa T/A, kukhonsolo, kupolisi kapena ku ACB, bungwe lothana ndi katangale. Palinso chizolowezi choti thumba likafika anthu amagawana, mabanja awiri kapena atatu thumba limodzi. Malamulo a pulogalamu salola kukakamiza munthu kutero. Ine ndimamvetsa chifukwa chake anthu amachita, njala ikakhala ponseponse n'kovuta kusenza thumba kudutsa pakhomo pa mnzako amene ana ake agona ndi njala. Koma kugawa mwa kufuna kwako n'kosiyana ndi kulandidwa pamalo olandirira.

Musasokoneze izi ndi mapulogalamu ena. Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira kwa anzathu ku Mchinji mu 2006, ndi wa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito, ndipo salemba anthu chifukwa cha matalala a dzulo. Ntchito za M'bwezera Chilengedwe, zokumba migula ndi kubzala mitengo n'kulipidwa, zingathandize ngati pakhomopo pali wamphamvu ndipo dera lawo lili momwemo. Feteleza wotsika mtengo, kaya mumati makuponi, AIP kapena FISP, ndi nkhani ya dzinja likubwerali. Mtukula Pakhomo ndi M'bwezera Chilengedwe zimadalira kuti banja lili m'kaundula wa boma uja wa UBR, choncho amayi afunse amfumu ngati pakhomo pawo panalembedwa.

Fodya ali ndi nkhani yake, ndipo apa mpomwe pangakhale ndalama yeniyeni kapena ngongole yoopsa. Ngati amayi amalima pakontirakiti, kampani inawapatsa feteleza ndi mbewu pangongole yodzadulidwa pogulitsa ku msika wa fodya wa Chinkhoma kapena wa Kanengo. Mlangizi wa kampaniyo auzidwe lero, abwere adzaone asanayambe kuthyola kapena kuzula kalikonse. Mupemphe akujambulireni pepala la mgwirizano muwerenge nokha, muone ngati pa zinthu zodulidwa pali inshulansi ndi zomwe imateteza. Alimi ambiri amadulidwa ndalama imeneyi osadziwa, ndipo ena amataya mwayi chifukwa chonena mochedwa. Ngati mulibemo inshulansi, kalabu yonse ipite pamodzi kukakambirana za ngongoleyo nthawi ya msika isanafike. Munthu mmodzi samveka, koma kalabu imamveka.

Mwina munamvapo pawailesi kuti Malawi walandira ndalama za inshulansi ya chilala kuchokera ku bungwe la African Risk Capacity. N'zoona, zinachitikapo, monga pambuyo pa chilala cha 2016. Koma imeneyo ndi inshulansi ya boma, ndalama zake zimalowa m'ntchito yogula chakudya ndi kugawa thandizo, mlimi sangapite kukaitanitsa gawo lake. Ndipo imayang'ana kuchepa kwa mvula, osati matalala.

Pomaliza munda weniweniwo. Auzeni amayi asafulumire kuzula chimanga. Chomwe changogona osathyoka phesi, makamaka ngati sichinamasule ngayaye, chimatha kudzuka chokha m'masiku ochepa, ndipo chong'ambika masamba chimaphukanso ngati mtima wake uli moyo. Adikire masiku asanu kapena sabata aone. Pomwe pafa ndithu, nthawi yobzalanso chimanga cha mvula yapita, koma ya mbatata ikadalipo. Kholowa wa Kaphulira, Kadyaubwerere kapena Chipika akabzalidwa tsopano chinyezi chilipo, pofika Juni anthu akukumba, ndipo masamba ake ndi ndiwo pakadali pano. Ngati ali ndi kadimba kudambo kapena angabwereke, ndalama yomwe mukanatumiza ya thiransipoti yopita kuboma ipite ku mbewu yocha msanga, kathumba ka feteleza ndi ndowa zothirira, kuti chimanga chachiwisi ndi nyemba zipezeke Ogasiti kapena Sepitembala.

Ndipo inuyo yambani kusunga ya chimanga panopa. Mugule mu Meyi kapena Juni pomwe anthu akukolola mtengo uli pansi, mugulenso mankhwala othira kapena matumba aja osalowa mpweya. Musadikire Januwale kuti amayi akagone pamzere ku ADMARC kapena kugula kwa mavenda mtengo utakwera kawiri. Ife a ku Kasungu amene tinaona njala ya 2002, anthu akudya zitsa za nthochi ndi gaga wosakaniza ndi utuchi, timadziwa kuti thumba la boma likhoza kufika, likhozanso kuchedwa miyezi iwiri. Werengani anthu amene amadya pakhomo pa amayi, muwerengenso miyezi kuchokera pomwe chakudya chawo chidzathere mpaka Epulo wa chaka chamawa. Mukapeza chiwerengerocho ndi zithunzi zija, bwerani nazo pagulu pano, tidzathandizana kuona matumba angati akufunika ndi momwe mungalembere kalata yopita kwa khansala.